CIKWANGWANI CA PA TOLO GETI CIWALA, NANGA CA PA MSIKA CILI KUTI?

Amai ndi atate a pa Kapata, a pa Saturday Market, a ku Down Shops, ndi inu nonse amene mukwera Canter mbandakuca kukaoda matimati, nshawa ndi kabici ku madimba a ku Kasenengwa: Lero sindikamba za mtengo wa unga kapena za malaiti. Ndifuna tikambe za cinthu cimene mucipitirira tsiku ndi tsiku osaciyang'ana kawiri: cikwangwani ca pamseu. Ndidziwa ena mwayamba kale kuseka, ati mwana uyu nkhani zamuthera. Yambani mwamva. Bwana wa mu ofesi ali ndi mpanda, geti ndi mlonda. Inu ofesi yanu ndi thebulo limene lili mapazi ocepa cabe kucoka pamene thiraki yodzala ndi simenti idutsa. Pakati pa thebulo lanu ndi matayala aja, mlonda amene boma liyenera kukuikirani ndi ka lata kopentedwa. Kakasowa, ndinu oyamba kudziwa, ndipo mudziwira ku cipatala.

Coyamba ticotse bodza lina. Mabwana ena akonda kukamba kuti anthu a kuno samva zikwangwani, ndiye olo uziike n'kutaya ndalama cabe. Bodza. Azungu anabweretsa lata ndi penti, nzeru yoika cizindikiro panjira anaipeza. Makolo athu akayenda ulendo, wotsogola akafika pa mphambano anali kuthyola nthambi n'kuigoneka pa njira yosayenera, kapena kulemba mzere ndi phazi, kuti wobwera m'mbuyo asasocere. Mpaka lero, pamudzi pakagwa maliro, anyamata aika masamba pamseu uku ndi uku. Wa njinga atsika n'kuyamba kuguza, wa motoka acepetsa liwiro, wa wailesi atsitsa. Ndani anapita ku sukulu yoyendetsa motoka kukaphunzira zimenezo? Thiraki ikafa pa citunda, lamulo likuti dalaivala aike matirayango ofiira kutsogolo ndi kumbuyo, koma zimene tiona kawirikawiri ndi nthambi zondandalika pa tara, ndipo aliyense amva tanthauzo lake. Mtundu umene uwerenga masamba ungalephere bwanji kuwerenga cithunzi ca ng'ombe?

Zikwangwani za lata nazonso zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya magazi. Mamotoka atayamba kuculuka ku Ulaya, anthu anayamba kufa m'njira zimene kale munali kuyenda akavalo. Mu 1909 maiko angapo anakumana ku Paris n'kugwirizana pa zithunzi zinai cabe: mseu wa mabampu, kona, mphambano, ndi podutsa sitima. Taonani bwino, zonse zinai n'zocenjeza. Panalibe ngakhale cimodzi cokamba za kulipira. Cikwangwani ca STOP cinayambira ku Detroit, ku America, mu 1915. Pambuyo pake anacipatsa makona 8 n'kucipenta cikasu, ndipo kufiira kumene ticidziwa nako kunabwera mu 1954. Makona aja sanaikidwe kuti cikongole iai. Anafuna kuti olo cidetsedwe ndi fumbi, olo ucionere kumbuyo, udziwe kuti ndi ciani, cifukwa palibe cina cooneka tero. Mu 1968 maiko anasaina pangano ku Vienna kuti zikwangwani zifanane, munthu asamasokonezeke akadumpha malire.

Ku Britain, kumene tinatengera kuyenda kumanzere, zikwangwani zao zatsopano zinayamba kugwira nchito mu 1965. Anazijambula ndi anthu awiri, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, mai wobadwira ku South Africa. Ng'ombe imene mai uyu anajambula pa cikwangwani cocenjeza za ziweto inali ng'ombe yeniyeni ya pa famu ya abale ake, dzina lake Patience. Ndaichula dala. Dziko lolemera ngati lija linakhala pansi kuganizira mlimi ndi ng'ombe yake podutsa mseu. Ife kuno, kumene ng'ombe ndi banki ndipo cikocikale ndiye thiraki ya mlimi, tiganizira ndani?

Kwathu kuno zikwangwani zoyamba zinali kulozera mzungu kumene apita. Zinali kukamba kuti Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes, ndipo mtunda zinali kuwerenga m'mamailosi. Ufulu utabwera dzina lija linafafanizidwa, pakalembedwa Chipata, mamailosi n'kusanduka makilomita, ngakhale kuti ku Lusaka mukwerabe minibasi yopita ku Ten Miles. Ndiye kuti cikwangwani cionetsa mwini dziko. Agogo athu anacidziwa ici, n'cifukwa cake sanalole dzina la Jameson kukhalabe pa mseu wao.

Zimene tiona masiku ano zitsatira buku limodzi la maiko a SADC. Mu 1996 maikowa anasaina pangano la zamtengatenga, ndipo mwa zina anagwirizana zofananiza malamulo ndi zizindikiro za pamseu. Cifukwa cake inu a Chipata mucidziwa kuposa wina aliyense. Thiraki imene yalowa pa Mwami yacokera ku Lilongwe kapena ku Nacala. Imene yalowa pa Chanida n'kutulukira pa Katete yacokera ku Tete kapena ku Beira, ndipo dalaivala wake mwina akamba Cipwitikizi cokha. Sadziwa kuti kuseri kwa kona ija kuli msika. Sanamvepo kuti pa Mtenguleni mwezi wa February pamadzala anthu a Nc'wala. Amene angamuuze m'cinenero cimene amva ndi cithunzi cokha.

Manje tiyeni tiwerenge cinenero cimeneci, pakuti palibe anabwera pa msika kudzatiphunzitsa. Sicivuta. Yang'anani kaumbidwe, kenaka mtundu.

Ca makona atatu, nsonga kumwamba, m'mbali mofiira, ndi cenjezo. Sicilamula, cikutsina khutu cabe: kutsogolo kuli kona, kuli mlatho wopapatiza, kuli ana a sukulu, kuli ng'ombe, kuli hampu. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Cikwangwani ici ndico ng'oma imene ngozi ikana kuimba. Cikatembenuka, nsonga n'kuloza pansi, tanthauzo lasintha: patsa njira, mseu umene ulowamo ndi wa anzako.

Cozungulira ca mkombero wofiira ndi ciletso. Mukaona 60 mkati mwake, si malangizo a ambuya iai, ndi malire, wopitirira walakwira lamulo. Mukaona mamotoka awiri, kapena muvi wodulidwa ndi mzere, akuti osapitirira mnzako, osakhotera uko. Cozungulira cabuluu ndi lamulo la cocita: pita mbali iyi, apa ndi pa njinga, apa ndi pa oyenda pansi. Zobiriwira zikulu zija ziuza njira ndi mtunda. Zabulauni ndi za alendo okaona malo, monga opita ku South Luangwa. Ndipo manambala aja amene ambiri aganiza kuti ndi zokongoletsa, ndi maina a miseu. T4 ndi Great East Road, kucoka ku Lusaka mpaka pa Mwami. M12 ndi wa ku Lundazi. D104 ndi wa ku Mfuwe. T ndi miseu ikuluikulu yotilumikiza ndi maiko ena, M ndi yotsatira, D ndi ya m'maboma. Sungani zilembo izi, muzifuna pokafunsa kuti mwini nchito ndani.

Palinso zolembedwa pansi pa tara. Mzere woyera wosadukiza pakati pa mseu ukuti osadumphira mbali ina. Wodukizaduka ukuti ungapitirire ngati kutsogolo kuli bwino. Mzere wacikasu wa m'mbali ndiye pothera mseu wa mamotoka, ndipo kunja kwake ndi kumene ayenda wa njinga, mwana wa sukulu, ndi mai wosenza dengu. Mizere yoyera yonga ya mbidzi ndi podutsa anthu, ndipo pamenepo motoka ndiye iyenera kuima, osati inu kuthamanga ndi beseni pamutu monga mwaba.

Cimodzi cindiseketsa ndi kundikwiyitsa pamodzi. M'buku lija, cikwangwani ca mkati mwacikasu citanthauza ca kanthawi: pano akonza mseu, pano papatuka, mawa cicoka. Ca mkati moyera ndiye cokhalitsa. Koma m'dziko muno mwaonapo zacikasu zimene zaona mvula zitatu, mpaka udzu kuzimera, kontilakita anapita kalekale. Ca kanthawi cakhala cokhalitsa, cokhalitsa ndiye cinasowa.

Mwina mufunsa kuti nambala ya pa lata ingapulumutse bwanji munthu. Tiwerenge pamodzi, inu masamu ndi nchito yanu. Motoka yothamanga 100 idya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala asanaponde n'komwe buleki, pongoona cabe kuti pali mwana, wadutsa kale matebulo khumi. Thiraki yodzala pa liwiro limenelo, bwalo lonse la mpira siliikwanira kuti iime. Pa 30 motoka iyenda mamita 8 pa sekondi, ndipo munthu wogundidwa pa liwiro ili kawirikawiri apulumuka. Pa 60 kupita kumwamba ambiri tiika m'manda. N'cifukwa cake cenjezo liyenera kuima patali, dalaivala asanafike, osati pamene wafika kale. Zaka zapitazi, malipoti a apolisi aonetsa anthu oposa 2,000 akufa pamseu caka ciliconse m'Zambia, ndipo gulu lalikulu mwa iwo ndi oyenda pansi, anthu amene alibe ngakhale laisensi. Anthu ngati inu ndi makasitomala anu.

Tsopano funso la ndalama, pakuti yankho la boma tilidziwa kale: thumba n'lopanda kanthu. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inapanga mabungwe atatu. RDA ndiye womanga ndi kusamala miseu. RTSA ndiye wa malaisensi ndi citetezo ca pamseu. NRFA ndiye wosunga thumba. Miseu ya m'tauni ndi ya kumidzi yambiri ili m'manja mwa makhonsolo. M'thumba lija mulowa msonkho wa pa mafuta, mulowa msonkho wa mamotoka, mulowa za pa tolo geti. Musaganize kuti popeza mulibe motoka ndiye simulipira. Mwini Canter akalipira pa Reuben Kamanga pakati pa Katete ndi Chipata, kapena wa basi akalipira pa Alexander Grey Zulu ku Nyimba, ndalamayo aiika pa bokosi lanu la matimati ndi pa belo lanu la salaula. Mulipira ndinu.

Ndiye ulendo wina mukadzakwera, khalani ku windo muwerenge. Poyandikira tolo geti zikwangwani ziyamba kutali. Cina cikuuza kuti geti ili kutsogolo, cina cepetsa liwiro, cina mitengo yake, mahampu opentedwa bwino, usiku magetsi ngwee. Palibe dalaivala anganene kuti sindinaone. Nchito yabwino, sindinyoza. Ionetsa kuti boma lidziwa kuika cikwangwani, lidziwa kucisamala, ndipo cikagwa licidzutsa msanga. Mukatero werenganinso pa msika wa m'mbali mwa mseu umene muodapo katundu, pa sukulu imene mwana wanu adumpha tara, pa kamlatho ka ku mudzi kwanu kamene madzi amakwera pamwamba mu January. Ine sindikuuzani nambala. Muwerenge nokha, mubwere mundiuze ngati ndanama.

Pali mtundu winanso wa cikwangwani umene susowa: cija cacikulu coima pa pulojekiti, colembedwa ndalama, dzina la kontilakita, nthawi zina ndi nkhope ya munthu womwetulira. Cimafika njerwa isanafike. Lata imene ipita pa cimodzi cotere ingatulutse macenjezo angati a ana a sukulu?

Boma ili linyadira CDF, ndipo n'zoona inakwera: kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inapitirira K36 miliyoni pa konsticuwense imodzi. Kasenengwa ilandira yake, Chipata Central yake, Luangeni yake. Kasenengwa inakhala boma palokha mu 2018, ili ndi khonsolo yakeyake. Chipata inakhala mzinda mu 2017. Maina akula, ndalama zakula. Ndiye wina atiuze kuti penti ya zebula ndi mapaipi awiri a citsulo zalephereka? Si ndalama imene isowa. Cikwangwani ca 30 sicidulidwa riboni, palibe gule, palibe kamera ya ZNBC, ndiye palibe acifuna.

Ukapita kukafunsa, uyamba ulendo wa mphambano zopanda cizindikiro. Uku akuti mseu uwo si wathu. Uko akuti ife tiphunzitsa cabe. Kwina akuti ndalama sizinabwere kucoka ku Lusaka. Koma tsiku logwira olakwa onse apezeka, ndipo lisiti ilipo. Ine ndikuti dongosolo labwino liyamba ndi kucenjeza, kulanga kubwera pambuyo. Kubisala kuseri kwa mtengo ndi kamera ya liwiro pamalo pamene nambala inafufutika kale, kumeneko si kuteteza moyo, ndi kuchera msampha.

Ndidziwa zimene anzathu a cipani colamula adzayankha, ndiye ndiyankhiretu.

Adzati zikwangwani tiika koma anthu akuba. N'zoona, ndipo apa ndikamba ndi inu maso ndi maso. Lata ija siuluka yokha. Ithera kwa ogula zitsulo zakale, isanduka mbaula, isanduka citseko ca khola, ina muiona yafolera kantemba, muvi ukali kuoneka. Wakuba cikwangwani ca pa kona ndi mfiti yoyenda masana, apha munthu amene samudziwa. Mbaula yokhala ndi penti yonyezimira musagule, ndipo womubweretsa mumufunse kumene anaitenga. Mwana amene adzagundidwa pa kona ija angakhale wanu. Koma boma lisabisale kumbuyo kwa mbala. Bwanji za pa tolo geti sizibedwa? Cifukwa pali maso. Ndipo hampu sibedwa, mzere wa pa tara subedwa, nambala yolembedwa pansi pa mseu palibe angainyamule kupita nayo kwa wa sikirapu. Mbala ikaba m'sitolo mwanu simutseka bizinesi, mugula loko wina.

Adzati amalonda ndiwo olakwa, akhala pafupi kwambiri ndi mseu. Wamalonda atsata kasitomala, ndipo kasitomala ali pamene basi iima. Ngati malo aja ndi olakwika, bwanji wa levi afika m'mawa uliwonse ndi buku lake? Dzanja limene lilandira levi lavomera kuti pano pali msika. Likavomera, liike cikwangwani couza dalaivala kuti pano pali msika. Pocotsa anthu m'miseu ya Lusaka mu 2018 nthawi ya kolera, ndiponso mu 2023, mphamvu zinapezeka usiku umodzi, mamotoka ndi apolisi. Mphamvu zomwezo zisowa bwanji ikafika nkhani ya burashi ndi penti?

Adzati nanga maboma akale anacita ciani? Funso labwino, ndipo amene anagona pa nchito ayankhe okha. Koma amene ali ndi makiyi a thumba lero ndiye tifunsa lero. Anapempha mavoti kuti akonze zinthu, sanapemphe kuti azitiwerengera zolakwa za anzao.

Cotsala ndi ciphunzitso. Buku la malamulo a pamseu, Highway Code, aliwerenga ndi munthu amene afuna laisensi, m'Cizungu, kuti akhoze mayeso. Nanga woyenda pansi? Nanga wa njinga yonyamula makala, amene Chipata idziwika naye kucokera masiku a njinga za Eagle? Nanga anyamata athu a njinga zamoto amene adzaza tauni, ambiri anaphunzira pa bwalo la mpira masiku awiri n'kuyamba kunyamula amai oyembekezera? Sindiwanyoza, nchito kulibe, ndipo ndi anzanga. Koma mnyamata amene sanauzidwepo kusiyana kwa makona atatu oloza kumwamba ndi oloza pansi wanyamula moyo wa mlongo wanu. Cinyanja ndi cimodzi mwa zinenero 7 zimene boma livomereza. Breeze FM ilipo, Radio Maria ilipo, misika ili ndi makomiti. Cingavute n'ciani kuti a RTSA azibwera pa msika kamodzi pa mwezi ndi zithunzi, n'kukamba m'cinenero cathu, osati kudikira sabata ya citetezo ca pamseu kuti avale mateshati n'kuguba?

Zimene tifuna si za kumwamba. Pa msika uliwonse ndi sukulu iliyonse ya m'mbali mwa T4, M12 ndi D104 pakhale cenjezo patali, nambala yocepetsa liwiro, ndi podutsa anthu popentedwa. Hampu iliyonse ikhale ndi penti ndi cikwangwani cake, pakuti hampu yosaoneka usiku igwetsa wa njinga yamoto ndi kuswa mazira a m'Canter. Milatho ing'onoing'ono ya ku Chiparamba ndi kwina konse kumidzi ikhale ndi zonyezimira m'mbali. Podutsa ng'ombe paikidwe ng'ombe. Ndipo khonsolo iliyonse ipacike pa bolodi, poyera, ndalama zimene yaika pa zikwangwani caka cino ndi malo amene zaikidwa, kuti tikaone ndi maso.

Inu mbali yanu ndi iyi. Sabata ino, komiti ya msika uliwonse itenge pepala. Lembani malo pamene cikwangwani cinagwa, cinabedwa, cinafufutika, kapena sicinakhalepo. Lembani dzina la mseu ndi cilembo cake, T, M kapena D. Amene ali ndi foni ajambule. Pepala limodzi lipite kwa khansala wanu, lina ku komiti ya citukuko ya wadi, cifukwa mapulojekiti a CDF ayambira kumeneko, lina musunge ndipo wolandira asaine ndi kulemba tsiku. Acinyamata athu ali okonzeka kuyenda nanu ndi kuthandiza kulemba, kaya muvala nsalu ya cipani citi. Aphungu ndi makhansala akabwera pa msika kudzagula matimati a K10 uku kamera ili kumbuyo, atulutsireni pepala lija, muwafunse tsiku.

Mlembi wa acinyamata, Kasenengwa